Pepala Linakhota, Sikuta Inakana

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu anga ndi ana? Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Pa foni amangoti ali bwino, koma amayi mukuwadziwa, ngakhale atagona chigonere yankho lawo ndi lomwelo. Mundiuze zoona inuyo. Kuno tadzuka bwino. Alamu anu akungonenepa, ati si kudya ayi, ndi mafuta a kukhitchini komwe amagwira ntchito amene amalowa okha pakhungu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nkhani ili m'munsimu ndayesa katatu kuinena pa foni, ndipo katatu konse ndathera pa kufunsa za mvula. Ndiye ndaona kuti bola pepala, chifukwa silidula munthu mawu ngati mmene mumachitira inu.

Za kuno ndi zomwe zija. Kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Zenera la kuchipinda silitsekeka bwino, mwini nyumba wakhala akulonjeza kubwera kuyambira mwezi wa mawa wa chaka chatha, ndiye tangotsekapo ndi bulangete lakale. Chikepe cha m'nyumba yathu yosanjayi chinafa mlungu wathunthu, ife tikukhala pa nsanjika yachitatu. Mlungu umenewo sindinapite kuntchito, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna ndikuuzeni.

Paja chaka chatha ndinakuuzani kuti miyendo ikundivuta pang'ono. Mawu akuti pang'onowo ndinakunamizani, mundikhululukire. Madokotala ati mitsempha ya m'miyendo ikufooka, ndipo sidzabwereranso mwakale. Ipitirira kufooka, koma pang'onopang'ono. Manja, maso ndi mutu ati zilibe vuto. Pakamwa sanayeze, koma alamu anu akuchitira umboni kuti pakugwira ntchito kuposa kale. Kuyambira miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ndakhala ndikuyendera ndodo ziwiri. Zithunzi zonse zimene ndimakutumizirani ndili chikhalire, ndodozo zimakhala zili kuseri kwa sofa.

Shopu yomwe ndimasokamo simunaionepo, ndiye ndikufotokozereni. Ndi yopapatiza koma yaitali, ngati basi. Mukalowa pali kauntala, kenako makina atatu atsamira khoma limodzi, tebulo lositirapo ku khoma linalo, ndipo kumapeto kuli kachipinda ka katani koyezeramo zovala. Pakati pamangotsala kanjira koti anthu awiri akakumana, wina apendekeke. Sitisoka zatsopano kawirikawiri. Ntchito yathu ndi kufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi, kuchepetsa madiresi ndi kukulitsa majekete a anthu amene amaumirira kuti jekete ndi imene yachepa. Mwini wake timawatcha Mayi Mabatani, chifukwa chibadwire sanatayepo batani. Ali ndi kabati yathunthu ya mabotolo a mabatani, ena a zovala zimene eni ake anamwalira kalekale.

Tsiku lina mwezi watha kunabwera bambo wina wamkulu thupi kudzafupikitsa thalauza. Mwa masiku onse ndinagwada pansi kuti ndipinde mpendero, mapini anayi ndawaluma pakamwa monga timachitira atelala tonse. Mwendo umodzi ndinamaliza. Pofuna kusuntha kuti ndigwire winawo, miyendo inangoti zii, osamva kalikonse. Ndinagwa chammbali, mutu n'kugunda mwendo wa tebulo. Mapini ndinalavula atatu. Pini lachinayi tinalifunafuna tonse m'shopumo mitima ili m'mwamba, mpaka linapezeka litabaya kolala yanga. Amene anandidzutsa ndi kasitomala yemweyo, thalauza lake mwendo wina wautali wina waufupi. Lero ndikutha kuseka, koma tsiku limenelo manyazi anandigwira mpaka m'mafupa.

Titatseka, Mayi Mabatani anandikhazika pansi. Sanalankhule mwaukali, ndipo ndikanakonda akanakalipa, chifukwa ndikanapeza poyankhira. Anati m'manja mwanga amamukhulupirira kuposa mwawo, koma sangapirire kuona munthu akumeza pini m'shopu mwawo. Anati ndimafika m'mawa nditatopa kale ndi ulendo, masana ndimaweruka ntchito ili pakati, ndipo zovala za anthu zikuchedwa. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndipeze njira yogwirira tsiku lathunthu osagwa. Zikakanika, adzalemba telala wina. Achimwene, ndasoka zaka makumi awiri, ndipo ntchito ina sindiidziwa. Ndikachoka pa makina aja, ndiye kuti ndikakhala pa zenera la nsanjika yachitatu kuwerenga magalimoto a eni.

Ku chipatala ananditumiza kwa mayi wina amene ntchito yake ndi kuona mmene munthu wovutika kuyenda angakhalire kunyumba ndi kuntchito. Ine ndinamupatsa dzina loti Mayi Mafunso, mudzamva chifukwa chake. Iyeyo anandiuza kuti pali bungwe limene lingandithandize ndi choyendera cha batire, koma chimodzi chokha, ndipo chimene ndasankhacho ndikhala nacho zaka zisanu ndisanapemphenso china. Anandionetsa zithunzi ziwiri. China chinali mpando wa mawilo woyendera batire, umene umawongoleredwa ndi kandodo kakang'ono ngati chala, kali pomwe dzanja limatsamira. Chinacho amati sikuta. Ili ndi mawilo anayi, mahendulo kutsogolo, nyali, basiketi ndi hutala. Kunena mwachidule, ndi kanjinga kamoto kaulemu.

Sindinayang'anenso kawiri. Ndinaloza sikuta, yofiira.

Inu mukudziwa kumene mtima umenewu unachokera. Zaka zonse zija munali ndi njinga yamoto, munandikweza kumbuyo kokha, ati ndine wopepuka ndikagwetsa. Ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina ndidzagwira mahendulo anga. Komanso pansi pa nyumba yathu pamakhala mdala wina wopuma pantchito amene ali nayo sikuta yotere. Tonse timangowatcha Achipewa, chifukwa palibe anaonapo pamutu pawo. M'mawa uliwonse amatuluka atakhala mowongoka, chipewa chili pendeke, kupita kukagula buledi, anthu akuwapatsa moni ngati nduna.

Koma chifukwa chenicheni si chimenecho, ndipo ndichinena poti ndayamba kale kuulula. Munthu wa pa sikuta amaoneka ngati wangotopa, kapena wapeza bwino. Munthu wa pa mpando wa mawilo amaoneka wodwala. Ndinkaganiza za chithunzi chimene ndidzatumize kwa amayi. Pa sikuta ndikanatha kunena kuti onani mwana wanu wagula galimoto, tonse n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Mpando uja ndinkauopa, Achimwene. Ndinkaona ngati ndikangokhalapo ndiye kuti ndavomera, ndipo sindinafune kuvomera.

Apa m'pamene Mayi Mafunso anayamba mafunso ake. Kodi tsiku lanu lambiri mumathera panja kapena m'nyumba? Makomo a kwanu ndi otakasuka bwanji? Sikuta imafuna kutsika ndi kukwera, kodi mungaimirire kangati pa tsiku? Nanga zaka ziwiri zikubwerazi mudzathabe? Funso lomalizali linandibaya, ndiye ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti za mitsempha adziwa ndi iyeyo, koma za kuyeza asandiphunzitse, tepi yakhala m'khosi mwanga iye asanamalize sukulu. Sanakwiye. Anangondilembera utali ndi mulifupi mwa sikutayo pa kapepala, n'kunena kuti wogulitsa adzabweretsa zonse ziwiri kunyumba kuti ndiyese ndisanasaine. Ndinati abweretse sikuta yokha. Anati zibwera zonse, galimoto yake ndi yaikulu.

Loweruka lotsatira, ine ndi Mayi Mabatani tinachita zimene atelala amachita akafuna kudziwa ngati chinthu chikwana. Tinadula patani. Tinalumikiza mapepala a khaki amene timadulira mapatani a zovala, tinajambula sikuta yonse ndi choko molingana ndi kapepala kaja, ndipo mbali zonse tinasiyako zala ziwiri ngati malo a msoko. Inali patani yokongola, Achimwene, ngakhale mwini fakitale akanaisirira. Tinaiyala pansi, Mayi Mabatani akukoka kutsogolo, ine ndikulondola pambuyo ndi ndodo zanga. Inadutsa pa khomo. Inadutsa pa kauntala. Inafika kumapeto kwa shopu, tinaitembenuza, inabwerera. Tinagwirana manja ngati tapambana mayeso.

Madzulo ndinaipinda n'kupita nayo kunyumba. Alamu anu anaikoka kuchokera m'chikepe, kulowa pa khomo, kudutsa kanjira kathu kopita kuchipinda, mpaka kukhota kulowa ku bafa, komwe kulinso chimbudzi. Pokhota paja pepala linakwera khoma pang'ono, ine n'kulikankha ndi ndodo, linagona, linalowa. Alamu anu anaima n'kunena kuti mayi, pepalatu si chitsulo. Ndinawauza kuti abwerere ku mapoto awo, za mapatani azisiyire eni ake. Anangokweza mapewa.

Mukuona, ife atelala tili ndi chizolowezi chimene sitichidziwa n'komwe kuti tili nacho. Nsalu ikachuluka pang'ono, monga polumikiza mkono wa malaya ku phewa, sitidula ayi. Timainyengerera ndi zala, kuikankha apa, kuikoka apo, mpaka ilowe, ndipo ikasitidwa palibe angadziwe. Ndi zimene tinachita ndi pepala lija pa ngodya iliyonse, ine ndi Mayi Mabatani, akuluakulu awiri a tepi m'khosi. Palibe mwa ife anaona kuti tikubera.

Lachiwiri m'mawa wogulitsa anafika ndi galimoto yake, Mayi Mafunso ali momwemo. Alamu anu anapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Anatsitsa sikuta, yofiiradi, yonyezimira. Mpando anautsitsanso, koma ine sindinaupatse ngakhale diso. Ndinakwera sikuta, anandionetsa pofinya, ndinanyamuka.

Ndisaname, zinali zokoma. Ndinazungulira nyumba zonse za mu msewu wathu kawiri, mphepo ikundiwomba kumaso, chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Ndinadutsa pa sitolo ya buledi, pa siteji ya basi, pa benchi pamene ndimapumira tsiku lililonse, osaima. Ndinakumana ndi Achipewa akuchokera kogula, ndinawaimbira hutala, iwo n'kugwira chipewa kundipatsa ulemu. Ndinakumbuka inu, ndipo ndinalakalaka mukanakhala kumbuyo kwanga kuti ndikuuzeni kuti gwiritsitsani.

Mavuto anayambira pa chikepe. Sikuta inalowa, koma chitseko chinakana kutsekeka chifukwa kumbuyo kunatsalira panja. Wogulitsa anachotsa basiketi, ndinasendera mpaka mphuno kugunda khoma, chitseko chinatsekeka movutikira. Pamwamba ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, khosi litapotoka. Ndinati palibe kanthu, munthu amazolowera. Pa khomo la nyumba inalowa bwinobwino, ndipo ndinayang'ana Mayi Mafunso kuti aone.

Kenako tinafika pokhotera ku bafa. Ndinapinda mahendulo mpaka kumapeto, wilo lakutsogolo linagunda felemu ya chitseko. Ndinabwerera m'mbuyo, kumbuyo kunagunda khoma. Kutsogolo, khoma. Kumbuyo, khoma. Penti ya eni ake inayamba kugwa. Nditayesa kachisanu, sikuta inangoima chopingasa, osapita kutsogolo, osabwerera. Kutsika sindikanatha, chifukwa mbali ina kunali khoma, mbali ina chitseko. Ndiye poti ndinu mlongo wanga ndikuuzani, ku bafako sindinkapita kukayesa chabe. Tiyi wa m'mawa anali atafika. Ndinakhala pamenepo thukuta lili kamukamu, khomo la bafa ndikuliona apa, alamu anu ndi wogulitsa akunyamula kumbuyo kwa sikuta ine ndili pomwepo ngati thumba la makala. Alamu anu sananene kanthu za pepala. Ndikuwathokoza mpaka lero, ngakhale ndinaona kuti mawuwo awafika pamlomo.

Titatsika, tinapeza Achipewa akutidikira kuti amve zotsatira. Nditawafotokozera, anadabwa kuti ndinakwera nayo pamwamba. Ati yawo sinalowepo m'nyumba chigulire, imagona pansi pa masitepe. Iwo miyendo ili bwino, chimawavuta ndi befu akayenda mtunda wautali, koma m'nyumba amayenda okha. Chaka chonse ndakhala ndikusirira munthu amene matenda ake ndi ena.

Mukundidziwa kuuma mutu. Ndinati kunyumba ndidzayendera ndodo, chachikulu ndi kuntchito, tiyeni ku shopu. Tinapita. Sikuta inalowa m'kanjira kaja mwaulemu, n'kukaima pa makina anga. Pamenepo ndinaona chimene patani sinandiuze. Mahendulo ali kutsogolo, ndiye sungayandikire tebulo chamaso. Mpando wake umatembenuka, koma nditautembenuza mawondo anagunda m'mphepete mwa tebulo, singano ili kutali ngati ya mnzako. Kuti ndisoke ndinayenera kutsika, kugwira ndodo, kukhala pa mpando wamba. Kuti ndikasite, kudzukanso. Kuti ndikayeze kasitomala, kudzukanso. Kudzuka kumeneku ndi kumene kunandigwetsa poyamba paja. Tsono sikuta ija, itaima pamenepo, inatseka njira yonse. Mtsikana wina amene anabwera kudzayeza diresi anachita kudutsa chammbali atakweza chikwama pamutu. Potuluka ndinabwerera m'mbuyo shopu yonse, n'kugwetsa chidole chovekapo zovala. Mayi Mabatani anachidzutsa nkhope itagwa.

Mayi Mafunso sanafunse funso nthawi imeneyo. Anangouza wogulitsa kuti atsitse mpando uja, n'kundiuza kuti ndingoyesa, kusaina si lero. Ndinakhalapo nditakwiya, mlomo uli tolotolo. Anakonza potsamira msana ndi popondapo mapazi, n'kuika dzanja langa pa kandodo kaja. Ndinakankha pang'ono, mpando unayenda. Ndinakankhira kumbali, unatembenuka pamalo pomwepo, osasuntha, m'kanjira kopapatiza kaja. Ndinaulozetsa ku makina anga, unalowa pansi pa tebulo mpaka mimba yanga kukhudza thabwa, singano ili pamphuno pomwe imakhala masiku onse. Ndinabwerera, ndinatembenuka, ndinali pa tebulo lositira. Ndinapita ku kachipinda ka katani, ndinabwerako. Sindinadzuke ngakhale kamodzi.

Ndinalira, Achimwene, pamaso pa anthu onsewo. Musaganize kuti chinali chimwemwe. Ndinalira chifukwa unandikwana. Telala amadziwa chovala chikamukwana munthu, ngakhale mwini wakeyo atadana ndi mtundu wake, ndipo palibe chotsutsa. Ndinkafunitsitsa utapezeka ndi vuto, koma unalibe. Alamu anu anagwada pambali panga n'kundigwira dzanja. Mayi Mabatani anapita kukafunafuna batani limene palibe analipempha.

Anandisiyira mpandowo kuti ndiuyese masabata awiri. Sindikuuzani kuti zonse ndi zokoma. Pa msewu wokumbika umandigwedeza mpaka mano kuwombana, pamene sikuta ija inkangodutsa. Basiketi ulibe, ndiye ndasoka thumba lopachika kumbali. Mvula ikamagwa kandodo kaja sikafuna madzi, ndakasokera kachipewa ka pulasitiki. Batire ndiyenera kutchaja tsiku lililonse ndikafika, ndipo tsiku lina ndinaiwala, ulendo wa mawa lake ndinayenda diso lili pa timagetsi tosonyeza mphamvu. Achipewa amandipitirira pa msewu m'mawa uliwonse, n'kuimba hutala dala.

Chimene ndinkaopa chija chinachitikanso. Ku sitolo ya mankhwala, mayi wogulitsa anayang'ana alamu anu pamwamba pa mutu wanga n'kuwafunsa kuti kodi mayiwa akufuna chiyani. Alamu anu anati afunseni, amaluma koma pang'ono. Ndinamuuza chimene ndinkafuna, ndiponso ndinamuuza kuti zipi ya siketi yake yatsala pang'ono kumuchititsa manyazi, abwere nayo ku shopu. Anabwera nayo Lachinayi. Zinandipweteka ndithu, koma sindinafe nazo, ndipo ndapeza kasitomala.

Koma tamverani zinazi. Basi ili ndi chitsulo chokwererapo chimene dalaivala amatsitsa, ndimalowa ndekha, ndimatsika ndekha. M'chikepe ndimalowa n'kutembenuka momwemo. Ku bafa kuja ndimakhota ngati ndikuvina. Ndimafika kuntchito ndili ndi mphamvu zanga zonse, osati zotsala. Lamlungu ndinaphika ndekha koyamba m'miyezi inayi, alamu anu n'kudandaula kuti ndawalanda udindo.

Ku shopu kunatsala zinthu ziwiri, chopondera makina ndi kugwada. Makaniko amene amatikonzera makina anachotsa chopondera pansi n'kuchimangirira pa tebulo, kudzanja lamanja, kuti ndizichikankha ndi chigongono manja ali pa nsalu. Masiku atatu oyamba, msoko wanga ukanakuchititsani manyazi. Makina ankathamanga ndikafuna aime, n'kuima ndikafuna athamange. Ndinasoka zigamba zodzaza thumba, kusoka ndi kusomola, mpaka chigongono chinamva. Za kugwada, alamu anu anakhoma bokosi lolimba la masitepe awiri, lokhala ndi chogwirira. Tsopano kasitomala ndi amene amakwera, mpendero n'kubwera pamene pali manja anga. Azibambo ena amachita manyazi kuima pamwamba ngati akufuna kulalikira, koma amakwera. Mapini ndasiya kuluma, ndawasokera kapilo ka pamkono.

Bokosilo linasowa pokhala, chifukwa malo okhawo oyenera panali kabati ya mabatani ija. Ine sindinayerekeze n'komwe kutchula. Lolemba ndikufika, ndinapeza kabati kulibe, pakhoma pangotsala chizindikiro cha penti yakale. Mayi Mabatani anaisamutsira kunyumba kwawo Lamlungu, botolo limodzilimodzi. Nditafuna kuthokoza anandidula, ati inkangosunga fumbi, ndiyambe ntchito nthawi yatha.

Lachisanu lapitali ndinagwira kuyambira potsegula mpaka potseka. Mathalauza asanu ndi awiri, mazipi anayi, jekete imodzi, ndi diresi la mtsikana uja anadutsa chammbali. Mwezi unali utatsala masiku atatu kuti uthe, ndipo tsiku lonse ndinkadikira kuti andikhazikenso pansi. Potseka, Mayi Mabatani anabwera ndi mtolo waukulu n'kuuika pa tebulo langa. Ndi mayunifolomu a ogwira ntchito ku hotela ina, ntchito ya miyezi itatu. Anati ndilembe dzina langa pa mtolowo kuti wina asaukhudze, kenako anazimitsa magetsi n'kundifunsa ngati ndikufuna kugona momwemo. Nkhani ya telala wina sinatchulidwenso.

Dzulo ndasaina fomu. Ndasankha mpando. Wangawanga ufika pakatha masabata atatu, ndipo wobwerekawu andilola kukhala nawo mpaka tsikulo. Amapanga wakuda wokhawokha, koma musadandaule, nsalu yofiira ya pilo ndadula kale. Mayi Mafunso anandifunsa funso lomaliza, ngati ndasankha ndi mtima wonse. Ndinamuyankha kuti ndi mtima wonse ayi, koma ndi mutu wonse, ndipo mtima ukubwera pambuyo, tsiku lililonse ukuyandikira.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Amayi sakudziwa chilichonse cha zimenezi. Sindikufuna amve pa foni, kapena kwa munthu wodutsa amene waona chithunzi. Mupite inuyo, mukakhale nawo pansi, muwawerengere kalatayi yonse. Musadumphe pogwa paja, musadumphe za madokotala, ndipo musakometse monga mumachitira. Za ku bafa zokhazo mukhoza kudumpha. Alira, ndikudziwa. Muwasiye alire, musawatonthoze msanga.

Akatha, muwapatse kaphukusi kamene ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Muli bulauzi yawo ya buluu, ya manja aatali, yoyamba kusoka kuchokera pa nsalu mpaka pa batani ndili pa mpando umenewu. Musawauze kuti aivale. Mukudziwa chimene adzachite, chomwe ankachita ndi chilichonse chimene ndinasoka kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri pa makina awo aja. Adzaitembenuza kunja kukhale mkati, adzapita nayo pa khomo pamene pali kuwala, n'kuyamba kulondola msoko ndi chala, kufuna pokhota. Muwapatse nthawi yonse imene akufuna. Akapeza pamene pakhota, muwauze kuti apitirize kulira, ndipo inenso ndilira nawo. Akapanda kupeza, muwauze kuti mwana wawo ali pa ntchito, ndipo andiimbire Lamlungu masana andiuze ngati m'khwapa mwawakwana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti miyeso ya ana anditumizire yatsopano, ija ndili nayo ndi ya chaka chatha. Moni kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire sukulu. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa mng'ono wathu, amene ndikudziwa kuti akwiya kuti sindinayambe kuuza iyeyo. Alamu anu akupereka moni kwa nonse, ati ndilembe kuti za pepala anandichenjeza. Ndalemba, asadzatinso ndinabisa.

Khalani bwino, Achimwene, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamutcha Kasingano